Tiyi wa 3 Koloko

Lolemba, 4 Meyi

Andigoneka. M'chipinda muli mabedi awiri, zenera limodzi, mpando umodzi wa alendo, ndi mababu atatu, limodzi lakufa. Matailosi apansi ndapeza 187, koma mzere wa kukhoma sindinauone bwino, ndiye nambala imeneyi isadaliridwe.

Ndikulemba zilembo zikuluzikulu chifukwa cha maso. Lakumanzere linatha kale, limangosiyanitsa usana ndi usiku. Lakumanja lili ndi ng'ala. Adokotala a maso akuti kuseri kwa ng'alayo shuga akuwononga, ndipo sangaoneko mpaka itachoka. Andisungira malo a opaleshoni pa 28 mwezi uno, koma sakhudza diso la munthu amene shuga ndi BP zili ngati zangazi. Ndikaphonya pa 28, malo ena ndi a chaka chamawa, ndipo anandiuza mosabisa kuti disoli silidikira. Ndinaphunzitsa masamu zaka 36. Sindikufuna kumaliza moyo ndikufunsa anthu kuti m'mbale mwatsala zingati.

Za lero: shuga 14.6, BP 174/98, m'chiuno masentimita 106, mafuta m'magazi okwera. Adokotala a muno ndi mtsikana wa magalasi, wamng'ono kwa mwana wanga. Akuti zinayi zimenezi zimayendera limodzi, ndipo kawirikawiri tulo timakhalapo pagululo. Andimata kachipangizo pamkono koyeza shuga usana ndi usiku.

Pabedi linalo pali mayi wa bala la phazi. Anali ndi saluni. Manesi amawatcha a Wailesi, ndipo chifukwa chake ndinachidziwa ndisanavule nsapato. "Aphunzitsi, musadandaule za akuba," anatero. "Ine ndi tulo ukwati unatha kalekale. Ndine mlonda wanu waulere."

Lachiwiri, 5 Meyi

Ndondomeko ya muno: kuyeza BP 6 koloko, chakudya 7, 12 ndi 6 madzulo, magetsi kuzima 9. Nesi wausiku ndi mmodzi, amasamalanso wodi ina kuseri kwa khonde. Muno amasuzumira 10 koloko, 2 koloko ndi 4 koloko.

Mankhwala: metifomini wa shuga kawiri, piritsi la BP m'mawa, ndi kapiritsi kanga ka tulo kamene ndakhala ndikumwa chimwalirire amuna anga, zaka zitatu zapitazo.

Dzulo madzulo mwana wanga anabweretsa buledi wabulawuni, masilayisi 18, fulasiki, masamba a tiyi, ndi makapu awiri. Ndinamufunsa kuti yachiwiriyo ndi ya ndani. Akuti anangonyamula mmene amakhalira pashelefu.

Andilola masilayisi awiri m'mawa. Lero ndisanadye ndinawerenga, ndinapeza 16. Mwina dzulo ndinalakwitsa.

Lachitatu, 6 Meyi

Dzulo nditadya anatsala 14. Ndinawerenga kawiri, ndi zala, osati ndi maso. Lero ndisanadye, 12.

Adokotala anandionetsa chithunzi cha shuga wanga pa foni yawo, atachikulitsa. Masana mzere ukuyenda bwino ndithu. Usiku ukutsika pang'onopang'ono, kenako 3 koloko itangodutsa ukukwera ngati chulu, mpaka 17. Mausiku onse awiri.

"Mayi, mumadya usiku?"

"Ayi. Ndikamwa kapiritsi kanga ndimadzuka 6 koloko."

Anandiyang'ana mmene ndinkayang'anira ana onena kuti buku analiiwala kunyumba. Sindinakondwe nazo.

Kunyumba buledi ankachepanso chonchi. Ndinatchera makoswe misampha inayi kwa chaka chathunthu, sindinagwire ngakhale mmodzi. Koma kuno ndi pamwamba, nsanja yachitatu, ndipo khoswe samanganso pepala la buledi.

Lachinayi, 7 Meyi

Awiri enanso apita.

Ndinalankhula ndi a Wailesi mwaulemu. Ndinati ngati akumva njala usiku angondiuza, ndiwapatsa, kungoti ine zinthu zosagwirizana ndi nambala zimandisowetsa mtendere.

"Ine? Buledi wanu wokoma ngati katoniyo?" Anaseka, koma kuseka kunathera panjira. Anatembenukira kukhoma. Anakhala chete mpaka chakudya cha masana, moti nesi anabwera kudzawayeza kutentha thupi.

Madzulo kunali kuyeza kwa melatonini. Ndilemba mmene anandifotokozera. Ubongo uli ndi wotchi yake. Kukada, umatulutsa melatonini, amene amauza ziwalo zonse kuti ntchito yatha. Kuwala kwambiri kumamuletsa. Kuti adziwe nthawi imene usiku wa thupi langa umayamba, anatseka zenera ndi nsalu yakuda, anazimitsa mababu, nasiya kanyali kofiira pansi pakona. Anatenga mafoni athu. Kuyambira 6 koloko mpaka pakati pa usiku, theka la ola lililonse, nesi ankandipatsa kathonje koti nditafune, n'kukaika m'kabotolo. Timabotolo 13.

M'kuwala kofiirako munthu saoneka nkhope. Nesi ankalowa ngati chithunzithunzi, n'kutuluka. Mpando wa alendo unkaoneka ngati pakhala munthu. Ndikudziwa kuti ndi ng'ala.

A Wailesi anangolankhula kamodzi: "Aphunzitsi, amuna anu ankagwira ntchito yanji?" Ndinati ankayendetsa makina osindikiza nyuzipepala. Anati, "Oho." Basi.

Lachisanu, 8 Meyi

Masilayisi awiri apita. Lero ndinayang'ananso zina. Madzi m'fulasiki achepa. Makapu onse awiri ndi onyowa mkati, chonsecho ndinawapukuta dzulo. Mpando ndinausiya kukhoma, pa tailosi yachiwiri. M'mawa unali pambali pa bedi langa, utayang'ana kwa ine.

Ndinapita pabedi la a Wailesi n'kukhala kumiyendo. Ndinati, "Mayi, inu simugona. Mundiuze."

Anayamba ndi kudandaula. Akuti ali ndi shuga wawo wobisa m'botolo la mafuta a tsitsi, ndipo watsala pang'ono kutha, ndipo wakubayo ndi munthu wophunzira. Kenako anatsitsa mawu.

"Nesi akangodutsa 2 koloko uja, pamapita kanthawi. Ndiye mumadzuka. Maso ali tong'o, koma mulibe munthu mmenemo. Tsiku loyamba ndinakuitanani, simunayankhe. Mumakoka mpando. Mumathira tiyi makapu awiri, shuga masupuni atatu atatu. Mumanena kuti, 'Mwafika, bambo? Kasambeni m'manja.' Ndiye mumadikira. Mumadikira ndithu ngati munthu akusamba m'manja. Kenako mumacheza."

"Ndimati chiyani?"

"Za mitengo ya zinthu. Za mwana wina wa m'kalasi wosadziwa kugawa. Mumaseka, aphunzitsi. Masana sindinakumveni mukuseka."

Ndinafunsa kuti tiyi wachiwiriyo amamwa ndani.

"Pamenepo ndimakhala nditafunda kumutu. Ine ndinabwera ndi phazi, sindikufuna kuwonjezera za mtima."

Loweruka, 9 Meyi

Sindinafune kulemba. Ndilemba zoona zake zokha.

Nyuzipepala imasindikizidwa usiku. Amuna anga ankaweruka 2:30, kunyumba ankafika 3 koloko. Ine ndinkachoka 6:30 kupita kusukulu iwo ali mtulo, ndipo pobwera ndinkapeza akuvala. Ukwati wathu wonse, zaka 41, unachitikira patebulo la kukhitchini pakati pa 3 koloko ndi 4 koloko. Akalowa ankayang'ana wotchi yapamkono, tsiku lililonse, ngakhale ankadziwa bwino nthawi. Manja awo ankanunkha inki. Buledi ankamusiya ndi zidindo za zala, n'chifukwa chake ndinkawatumiza kukasamba.

Atamwalira ndinasowa tulo, anandipatsa kapiritsi kaja, ndipo ndinkayesa kuti ndinasiya kudzuka 3 koloko.

Ndawauza adokotala. Sanaseke. Akuti mapiritsi ena a tulo amachititsa zimenezi: munthu amayenda, amadya, m'mawa osakumbuka kanthu. Zotsatira za malovu zabweranso. Melatonini wanga ndi wochepa, monga mwa anthu ambiri a msinkhu wanga, ndipo amachedwa kuyamba. Cha m'ma 3 koloko, akuti, m'pamene thupi langa lili pakatikati pa usiku wake. Nthawi imeneyo kapamba amakhala atatseka sitolo, satulutsa insulini wokwanira. Buledi yemweyo amene 7 koloko m'mawa thupi limamulandira bwino, 3 koloko amangosanduka shuga m'magazi.

"Ndiye kuti zaka 44 ndakhala ndikudya pa ola loipitsitsa?"

"Thupi la mtsikana limapirira, mayi. Lanu latopa."

Lamulungu, 10 Meyi

Mwana wanga anabwera ndi malalanje anayi. Nesi analola limodzi.

Nditamuuza analira, kenako anakwiya. "Amayi, zaka zitatu mukuyenda mumdima ndi madzi otentha, maso osaona! Mukanapsa bwanji?" Ndinati sindinapse. Anati limenelo si yankho, ndipo n'zoona.

Akulongedza anati, "Ndili mwana ndinkadzuka kumakumverani. Ndinkaona kuwala pansi pa chitseko. Ndinkayesa kuti makolo onse amatero." Watenga buledi, fulasiki ndi makapu. A Wailesi apereka botolo lawo kwa nesi okha, akung'ung'udza kuti m'chipinda muno wosalakwa ndiye amalangidwa.

Lolemba, 11 Meyi

Dongosolo latsopano, mmene alilembera:

Kapiritsi kakale kachepetsedwa ndi theka, ndipo katha pakapita sabata imodzi. Melatonini 2 mg, wosungunuka pang'onopang'ono, 8:30 usiku. Chakudya chomaliza 5:30, chifukwa melatonini ndi chakudya siziyenera kukumana. Ikakwana 8, nyali yofiira yokha. M'mawa 7 koloko ndizikhala pazenera theka la ola kuti kuwala kukonze wotchi ya m'thupi. Metifomini ndi piritsi la BP zipitirira.

Adokotala ananenetsa kuti melatonini si mankhwala a shuga. "Tikungoyesa kubwezera usiku pamalo pake. Mwa ena zimathandiza, mwa ena ayi." Adokotala a maso akufuna mausiku asanu ndi awiri otsatizana opanda chulu chija, ndi BP yosapitirira 150. Aweruza pa 25.

Lachitatu, 13 Meyi

Shuga m'mawa 9.8. BP 160/92. Chulu palibe, poti buledi palibe.

Koma ndikudzukabe. A Wailesi akuti ndimakoka mpando, ndimathira tiyi wa mphepo m'makapu a mphepo, ndimatakasa. Akuti usiku wathawu ndinapepesa. Ndinati, "Pepani bambo, lero kulibe kanthu."

Tsiku lonse mutu waukulu.

Lachisanu, 15 Meyi

Chinthu chimodzi chikundivuta. Zaka zitatu ndi mausiku 1,095 ndi ena pang'ono. Ndakhala nawo patebulo mausiku onsewo, ndipo sindikukumbuka ngakhale umodzi. Wamva macheza athu ndi mayi wa saluni. Mankhwalawa akagwira ntchito, zitha ndisanazione.

Loweruka, 16 Meyi

Ndilemba mwatsatanetsatane, chifukwa ndinachita dala.

Usiku wathawu mapiritsi onse awiri ndinawasunga m'tsaya, nesi atatuluka ndinawalavulira m'kansalu. Ndinagona chagada n'kumawerenga mpweya wanga kuti ndisagone. Nesi anasuzumira 2 koloko, ndinatsinzina. Nsapato zake zinapita m'khonde, masitepe 23, chitseko cha wodi inayo chinatsekeka.

Ndinadikira. Kanyali kofiira pakona. Madzi akudontha m'bafa. Kenako thupi linayamba lokha. Njala inabwera mwadzidzidzi ngati belu la kusukulu. Miyendo inatsika pabedi ndisanaitume. Manja anakoka mpando, ine ndikungoonerera.

Palibe anatsegula chitseko. Sindinaone munthu. Koma m'chipinda munalowa fungo la nyuzipepala yatsopano, imene inki yake sinaume. M'chipatala muno mumanunkha mankhwala otsukira pansi, ndipo fungo limenelo ndikulidziwa. Ili linali lina.

Ndinati, "Mwafika, bambo?" Mawu anga anandiopsa.

"Aphunzitsi," a Wailesi ananong'ona m'bulangete, "lero muli maso eti?"

Ndinati eya. Ndinawafunsa ngati ali ndi kalikonse. Anatukwana chapansipansi, n'kutulutsa mabisiketi awiri m'pilo. Imodzi ndinaika pampando. Inayo ndinadya, pang'onopang'ono. Zaka zitatu ndakhala ndikucheza mtulo, koma ndili maso pakamwa panauma. Ndinangokhala mpaka fungo lija linatha.

Bisiketi yachiwiri sindikukumbuka kuidya. M'mawa pampando panali nyenyeswa.

Shuga usiku anafika 13.1. BP m'mawa 171/96. Adokotala sanakweze mawu. Anawerenga masiku pa zala pamaso panga, ngati ine mwana wa sitandade 2. "Kuyambira lero mpaka pa 25 pali mausiku asanu ndi anayi. Tikufuna asanu ndi awiri, otsatizana, kuyambiranso pa ziro. Mayi, masamu mukuwadziwa kuposa ine. Diso ndi lanu."

A Wailesi nawo anakalipiridwa chifukwa cha pilo. Sakundilankhula.

Lamulungu, 17 Meyi

Ndameza, nesi akuona. Ndinatsegula pakamwa kumuonetsa asanandifunse.

Usiku woyamba. Ndinadzuka, akuti, koma ndinangokhala pabedi, mpando sindinaukhudze.

Lachiwiri, 19 Meyi

Wachitatu. Shuga 8.4, BP 152/88. Kapiritsi kakale katha.

Pazenera m'mawa ndimaona chikasu chokhachokha, ngati ndikuyang'ana kudzera m'pepala la mafuta. Koma nkhope imamva kutentha. Madzulo 9 koloko isanakwane ndimayamba kuyasamula, zimene sindinachite kwa zaka zambiri.

Lachinayi, 21 Meyi

Wachisanu. Shuga 7.6, BP 146/86.

Ndagona kuyambira 9:30 mpaka 5:50 osadzuka. Nesi watsimikiza, a Wailesi atsimikiza. Mzere pa foni ya adokotala ndi wosalala ngati tebulo. Zonse zili pamalo pake, nambala zonse zagwirizana. Ndinapita kubafa n'kukalira.

Lachisanu, 22 Meyi

Wachisanu ndi chimodzi.

A Wailesi adzuka ndi nkhope yotupa. Anadikira kuti wokolopa atuluke.

"Aphunzitsi, ine ndikupempha andisamutse chipinda."

"Ndadzukanso?"

"Inu ayi. Inu mukuliza mkonono ngati jenereta. Koma iwo sanauzidwe."

Ndinati alankhule zomveka.

"Mausiku awiri tsopano. Ikakwana nthawi ija, fungo lija limalowa. Mpando palibe amaukoka, uli kukhoma komweko, koma umalira, mmene umalirira munthu akakhalapo. Amadikira. Amadikira nthawi yaitali, aphunzitsi. Kenako umaliranso, fungo n'kutha. Ine mwamuna wanga ali moyo sanandidikirepo ngakhale mphindi zisanu."

Ndikudziwa zimene adokotala anganene. Mayiyu sagona, ali pa mankhwala a ululu, ndipo nkhani yonse anaimva kwa ine. Mipando yachitsulo imalira kukazizira. Ndalemba zimenezi kuti zikhalepo.

Komabe munthu akuweruka kuntchito, akupeza mkazi wake ali mtulo, patebulo palibe kanthu, ndipo palibe wamuuza chifukwa. Tsiku lonse ndakhala ndikuganiza za kansalu kaja. Kwatsala usiku umodzi kuti akwane asanu ndi awiri. Ndikalavula lero, pa 25 safika.

Madzulo ndinapita kwa a Wailesi. Ndinati, "Mayi, ndikutumeni."

"Kuti?"

"Akabwera usiku uno muwauze kuti sindinawathawe. Muwauze kuti ndi za maso. Tiyi wasamukira 7 koloko m'mawa, pazenera."

"Ine? Ndilankhule ndi malemu a eni ake? Aphunzitsi, ine ndimaluka tsitsi!"

"Mwalankhula ndi aliyense m'chipatala muno, mpaka wokonza mababu."

"Wokonza mababu ali ndi mutu ndi miyendo!"

Ndinati ndikachira maso ndizidzabwera kudzawawerengera nyuzipepala mpaka phazi litapola. Anati nyuzipepala asaimvenso fungo lake. Sanavomere, sanakane.

8:30 ndameza.

Loweruka, 23 Meyi

Wachisanu ndi chiwiri. Shuga 7.2, BP 142/84. Ndinagona ngati mwala.

Nditatsegula maso ndinapeza a Wailesi atakhala tsonga, bulangete lili m'mapewa.

"Ndawauza," anatero. "Ndanena zonse, za maso, za 7 koloko. Ndinawonjezera kuti shuga akhala supuni imodzi, asadzadabwe."

"Anayankha?"

"Ayi. Koma ndinasuzumira pang'ono, diso limodzi. Sindinganene kuti ndinaona munthu. M'kuwala kofiira kuja munthu saona kanthu. Kungoti chinachake chinakweza mkono chonchi." Anapinda dzanja lamanzere, n'kuyang'ana pamkono.

Za wotchi yawo yapamkono ndinalemba muno mokha. Bukuli limagona pansi pa pilo wanga. Mwina ndinazinena mtulo masiku aja. N'zotheka.

Lolemba, 25 Meyi

Adokotala a maso avomera. Opaleshoni Lachinayi, 28 Meyi, 9 koloko m'mawa. Melatonini ndipitiriza miyezi itatu, kenako aonanso. Chakudya chomaliza 5:30 mpaka kalekale. Mwana wanga anavina m'khonde, nesi mpaka anamuletsa.

A Wailesi akuti mausiku awiri apitawa mpando sunalire. Iwonso agona maola anayi, koyamba chaka chino, ndipo akudandaula kuti tulo n'totopetsa.

Ndamupempha mwana wanga abweretse fulasiki ndi makapu. Anafunsa kuti angati. Ndinamuyang'ana, sanafunsenso.

Lachiwiri, 26 Meyi

Ndikulemba ndili pazenera. Dzuwa lili pankhope. Mpando ndaukoka ndekha, ndili maso, ndauika pambali panga. Tiyi makapu awiri, wanga wopanda shuga. Masilayisi awiri, ndipo adokotala akudziwa.

A Wailesi akunamizira kugona, koma ndikumva kuti sakupuma ngati munthu wogona.

Munthu wa ntchito ya usiku 7 koloko m'mawa amakhala ali mtulo tofa nato. Kusintha wotchi ya m'thupi kwanditengera ine masiku khumi, ndi mankhwala omwe. Iwo alibe dokotala. Sindiwafulumizitsa.

Nesi akuti ndi 7:04. Tiyi akadali wotentha.